Sole Amene Anandiletsa ku Makokola

Chaka changa choyamba pantchito yoperekera zakudya pahotela ina ku Makokola, mzungu wina wachikulire anapunthwa pamasitepe n'kusupuka bondo. Ine ndinali chapatali, thireyi ili m'manja, koma mawu anangotuluka okha: "Sole, bwana, sole."

Iye anandiyang'ana modabwa. "Sole wa chiyani? Wandikankha ndiwe?"

Tsiku lomwelo akapitawo athu anandiitanira kuseri kwa khitchini. Anati pa Chingerezi mawu amenewo ndi ovomera kulakwa, choncho ndisiye, alendo angamayese kuti hotela ndiyo yalakwa.

Ndinavomera ndi mutu, koma mtima unakana. Kwathu ku Lungwena, ukonde wa mnzako ukang'ambika umati pepani, ngakhale sunaukhudze n'komwe. Munthu akagwa panjinga, msika wonse umati sole. Sikuti timavomera mlandu ayi, timangomuuza munthuyo kuti ululu wakewo tauona.

Ndinagwira pahotelapo zaka zambiri, ndipo mlendo aliyense wopsa ndi tiyi kapena wolasidwa ndi munga ndinkamupatsa sole wake, akapitawo akumva. Chingerezicho n'chawo, sindikukana. Koma munthu akagwa ine ndikuona, ndiye kuti wagwera kwathu.