Sobo wa Adadi

Pali chinthu chimene amuna anga sakuchidziwa mpaka lero. Mwana wathu ananyambitapo madzi a m'kompyuta yawo.

Kompyutayo ndinaimanga ndine, ndi setifiketi yanga ya kukoleji ija imene kuno ku Joni sinandipezerebe ntchito. Iwo amakonzerapo mavidiyo a maukwati, ndiye inkatentha ngati mbaula. Tinagwirizana zoti tiziiziziritsa ndi madzi oyenda m'mapaipi olimba. Kushopu anandionetsa mitundu iwiri. Mapaipi a akiriliki salabada kutentha, koma akathetheka amasweka ngati galasi. A PETG sasweka, koma akatenthedwa amafewa. Ndinaganizira timawondo ta mwana wokwawa, n'kutenga a PETG.

Madziwo, amankhwala ogula m'botolo, amuna anga anasankha ofiira. "Makasitomala akabwera aziona kuti pano si pamasewera, mayi a mwana."

Chimene sindinachiganizire ndi dzuwa. Mufulati yathu ku Troyeville limalowera pazenera masana, n'kudzakhazikika patebulo pomwepo.

Mwana anali atayamba timawu. Ankaloza mapaipi aja n'kumati, "Sobo." Ife kuseka. Bambo akewo mpaka ankamuyankha, "Eya, ameneyo ndi sobo wa adadi."

Tsiku lina iwo atapita kokajambula, kompyuta ataisiya ikugwira ntchito, ndinatuluka kukayanika zovala. Pobwera ndinapeza mwana ali zii pansi pa tebulo, akuyamwa chala. Milomo ili psuu. Paipi imodzi inali itafewa polumikizira, madzi akudontha pang'onopang'ono.

Ndinathamanga naye kukiliniki, botolo la madziwo lili m'manja. Anesi anawerenga kumbuyo kwa botololo nthawi yaitali, osandiyang'ana. Anatisunga mpaka dzuwa kupendeka, kenako anati zikuoneka kuti anangolawa, koma ndizimuyang'anitsitsa.

Mawa lake ndinachotsa mapaipi onse, n'kuika a akiriliki ndi madzi oyera. Amuna anga ndinawauza kuti madzi ofiira aja amatseka pampu yoyendetsa madziwo. Anakhulupirira, poti wasukulu ndine.

Chiyambire pamenepo m'mawa uliwonse ndimaunika mapaipiwo ndi tochi ya foni. Dzana ndinaona kamzere ka mng'alu pamene paipi ina inapindikira, kakang'ono ngati tsitsi. Mwana tsopano akuimirira atagwira tebulo, dzanja likufika m'mwamba, ndipo akufunsabe komwe sobo anapita.

Kuti ndiwauze bambo ake za kamzereka, adzafunsa chimene ndikuunikira mapaipi tsiku ndi tsiku, ndipo ndidzayenera kuyambira pa tsiku lija. Inu amene mukuwerenga, kodi ndinachita bwino kukhala chete?