Aphunzitsi Anga pa Windo la Mankhwala

Sukulu yathu ya sekondale kwa Kanduku inalibe labu. Inali ndi kabati imodzi mu ofesi, momwe munkakhala maikulosikopu yakale yodalira kagalasi ndi dzuwa. Kukachita mitambo, phunziro la maselo linkadikira.

Aphunzitsi athu a bayoloje ndi kemisitiri anali bambo wamtali, wolankhula motsitsa, amene ankabwera pa njinga atamanga mwendo wa buluku ndi mphira. Za asidi anatiphunzitsa ndi mandimu, phulusa ndi madzi a maluwa ofiira. Tsiku la maselo anabweretsa anyezi wa kunyumba kwawo, nasenda kakhungu kopyapyala, nadonthezapo ayodini. Tinafola panja kuti aliyense aone kamodzi. Nditaika diso ndinaona timabokosi tondondozana ngati njerwa, kalikonse ndi kadontho pakati.

"Nawenso ndi momwemo," anandiuza. "Maselo amagawikana, amagwira ntchito, nthawi ikakwana amafa. Akaiwala kufa, ndiye kuti pavuta."

Chifukwa cha iwo ndinakaphunzira za mankhwala ku Blantyre, ndipo patapita zaka ndinabwerera kudzagwira ntchito ku famase pa chipatala cha pa boma.

Mmawa wina, mzere utafika mpaka pakhonde, mayi wina wachikulire anandipatsa buku la kuchipatala. Munalembedwa mofini wamadzi, uja timapereka kwa odwala amene ululu wawakulira. Nditawerenga dzina pachikuto, ndinadzutsa mutu. Pa benchi panali aphunzitsi anga. Jekete inkaoneka ngati yobwereka, khosi litatsala mitsempha yokha. Mayiwo anali akazi awo.

Ndinatuluka ndi botolo m'manja n'kukagwada pafupi nawo.

"Muli bwanji adokotala?" anatero akumwetulira.

"Sala, ine si dokotala. Ndine mwana wanu."

"Chabwino mwana wanga, tandiuza. Ndikameza zimenezi, zikupita kuti?"

Ndinayankha ngati ndili m'kalasi. Ndinati mankhwalawo amalowa m'magazi kudzera m'matumbo, amadutsa pachiwindi pomwe ena amaphwanyidwa, otsalawo amakafika pa maselo a mitsempha n'kukhala pamalo pake ngati kiyi pa loko, uthenga wa ululu n'kufooka.

"Nanga n'chifukwa chiyani ndizimwa maola anayi alionse, ngakhale sindikumva kuwawa?"

"Chifukwa chiwindi ndi impso zimakhala zikuwachotsa m'thupi. Mukadikira kuti ululu ubwerere, umavuta kuugonjetsa."

"Wakhoza. Lomaliza tsopano. Amachiza?"

Ndinayang'ana pansi. Ku koleji anatiphunzitsa milingo ndi mmene mankhwala amayendera m'thupi, koma funso limenelo sindinalikonzekere.

"Ayi, Sala."

"Wakhozanso," anatero. Kenako anakhudza pakhosi pawo. "Ndi apa. Maselo a pammero aiwala kufa. Adokotala a ku Blantyre ankazungulira, ndiye ndinawathandiza kutchula dzina lake."

Akazi awo anaphimba nkhope ndi chitenje. Ine ndinawasonyeza mayiwo mmene angayezere mlingo ndi sirinji yopanda singano, ndipo ndinawapatsanso mankhwala ofewetsa m'mimba, poti mofini amadzimbitsa. Aphunzitsi ankamvetsera akugwedeza mutu, osandidula.

Anabweranso kawiri. Ulendo wachiwiri mawu anali atatha, moti anangondigwira dzanja. Kuchokera pamenepo ankabwera mayi aja okha, wapansi mpaka pamsewu, ndipo nthawi zonse ankati, "Akukupatsani moni. Akuti mudzawaone."

Ndinkayankha kuti ndibwera Loweruka. Loweruka lina kunagwa mvula, lina ndinali pa ntchito, lina ndinangotopa. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa kukawaona atagona pamphasa. Ndinkadziuza kuti nthawi ilipo, chonsecho ine ndi amene ndinkaona mlingo ukukwera m'buku mwawo ulendo uliwonse. Ndinkadziwa tanthauzo lake.

Lachinayi lina mayi aja anafika pa windo atameta. Sanatulutse buku. Anamasula mfundo ya chitenje n'kuika botolo patsogolo panga, mankhwala atatsala theka.

"Tinaika dzana," anatero. "Anandiuza kuti otsalawa ndibweze kuno, m'nyumba muli adzukulu."

Ndinatenga botolo lija n'kungoima nalo. Mnzanga amene tinali naye m'famase anaona, nandiuza kuti ndituluke, atsala pa windo ndi iye.

Ndinawaperekeza mpaka kumsika. Ndinafunsa ngati anavutika pomaliza. Anati ayi, ululu sunawapeze, chifukwa ankasunga maola okha ndi wotchi yawo yapakhoma, ndipo atalephera kulankhula ankangoloza pakhoma. Ndinafuna kuwaitanira kabaza koma anakana, anati akufuna ayende. Ndinaima pafupi ndi ogulitsa manachesi mpaka anakhota kuseri kwa mathiraki opita ku Mozambique, kenako ndinabwerera. Mzere unali usanathe.