Zikumbu Ziwiri za a Namakhwa

A Alufeyo Namakhwa a ku Mbedza anadzala paini pa Phiri la Zomba kwa zaka khumi ndi zinayi. Ntchitoyo itatha mu 1995, analembedwa ndi kabungwe kena kofufuza za tizilombo. Bwana wawo anali Dokotala Cuthbert Mulepa, munthu wansangala, wongobwera kumene kuchokera kusukulu kunja.

Ntchito ya a Namakhwa inali kutchera zikumbu zija zimakumba m'ndowe. Ankakwirira makapu pansi, kuika ndowe ngati nyambo, m'mawa mwake n'kukazonda. Chikumbu chilichonse ankachibaya ndi pini, n'kuikapo kapepala kolemba malo, tsiku ndi dzina la wotola. Akazi awo, a Consolata, anachita kuwapatulira beseni lawolawo losambira m'manja.

Sukulu analekeza Sitandade 6, koma maso anali nawo. Panali chikumbu china chakuda, chachikulu ngati nzama, chachimuna chake chokhala ndi nyanga pamutu. Mabuku ankati ndi mtundu umodzi kuyambira m'tauni mpaka pamwamba pa phiri. A Namakhwa sanakhutire.

"Adokotala, izitu si zimodzi," anatero tsiku lina.

"Bwanji, madala?"

"Za m'makola a ng'ombe kumunsi kuno nyanga yake ndi yoongoka. Za m'nkhalango ya kumtunda kwa damu, zobwera pa ndowe za anyani, nyanga yapindikira kumbuyo. Taonaninso mwendo wakutsogolo. Uku mano anayi, uku lachinayilo ndi kachiphuphu chabe."

Adokotala anaseka. Anati nyanga imatengera mmene chikumbu chinadyera chili mphutsi. A Namakhwa sanatsutse, koma kwa zaka ziwiri, mvula ikangoyamba, ankakwera phiri wapansi kukatchera. Anatola zikumbu mazana atatu ndi khumi, n'kuzigawa m'mabokosi awiri ndi maso okha. Adokotala anang'amba zazimuna zonse n'kuunika ziwalo zake pa makina okuza zinthu. Mitundu inalidi iwiri, ndipo a Namakhwa sanaphonye ndi chimodzi chomwe.

"Madala, cha kunkhalangochi palibe anachilembapo," anatero adokotala atawagwira mapewa. "Tichitcha dzina lanu. Namakhwa akhala m'mabuku, ndikulonjeza."

A Namakhwa anauza a Consolata, a Consolata anauza amayi a kutchalitchi, ndipo posakhalitsa Mbedza yense ankawatcha a Chikumbu. Iwo ankavomera mokondwa.

Mu 1999 adokotala ananyamula mabokosi aja kupita nawo ku Ulaya. Chaka chotsatira kabungweko kanatsekedwa. A Namakhwa anayamba kugulitsa zipatso za sitiroberi pamsewu wokwera phiri, akudikira. Analembera adokotala makalata awiri, osayankhidwa.

Mu 2003 kunabwera mayi wina wofufuza, dzina lake Clara Nyalugwe, kudzawapempha kuti akamuonetse malo otchera. M'chikwama anali ndi magazini ya asayansi. A Namakhwa atatsegula anaona chithunzi cha chikumbu chawo, nyanga yopindika, mwendo wa mano atatu ndi kachiphuphu.

"Amayi, tawerengani dzina lakelo."

Mayi Nyalugwe anawerenga. Linali dzina la pulofesa wina wa ku Ulaya, yemwe anapezera adokotala ntchito kumeneko.

"Nanga langa lili pati?"

Mayiyo anafufuza tsamba ndi tsamba. Kumapeto kunali mzere wothokoza ogwira ntchito a m'nkhalango, osatchula munthu. Pa mndandanda wa zikumbu zonse zija, wotola anali C. Mulepa.

A Namakhwa anafunsa ngati timapepala tawo tija tinachita kuzulidwa kamodzikamodzi. Mayiyo anati zikuoneka choncho. Kuphiri a Namakhwa anamuperekeza ndithu.

Anakumana ndi adokotala patapita zaka ziwiri, pa maliro ku Masongola. Adokotala anali atanenepa, ali ndi anzawo awiri ovala masuti.

"Awa ndi a Namakhwa," anauza anzawowo. "Ankatinyamulira katundu kuphiri."

Mwambo utatha a Namakhwa anawatengera pambali.

"Adokotala, dzina mukanapatsa amene mukufuna, ndipo ndikanapirira. Koma mapepala anga munazuliranji? Ndinalemba ndi dzanja langa ine."

"Madala, zakunja n'zovuta. Simungazimvetse."

"Chikumbucho ndinachimvetsa bwanji?"

Adokotala anayang'ana wotchi, nati galimoto ikuwadikira.

Kuyambira pamenepo a Namakhwa anapempha kuti dzina la a Chikumbu lithe, ndipo anthu anawamvera. Anapitiriza kugulitsa zipatso pamsewu mpaka mawondo anayamba kukana chitunda. Khirisimasi ina adokotala anawatumizira jekete la chikopa kudzera mwa dalaivala, popanda kalata. A Consolata anati alibweze. A Namakhwa anati kubweza mphatso ndi mwano, ndipo analipereka kwa mkamwini wawo, yemwe amalonda pa sitolo ina m'tauni.