Dothi la Kuseri kwa Nyumba Yanga

Bambo anga ankadziwa mitundu itatu ya dothi: katondo wofiira, makande omata a kudambo, ndi mchenga. Munda uliwonse kwathu ankauzindikira pongofinya dothi lake m'manja.

Atabwera kudzationa ku Indiana, kutsidya kwa nyanja, anayamba akhala kaye kwa mchemwali wanga ku South Bend, kenako ndinakawatenga pagalimoto kupita kwanga ku Lawrence. Njira yonse ankangoyang'ana minda ya chimanga yopanda mizere.

M'mawa mwake ndinawapeza kuseri kwa nyumba atagwada pakapinga, fosholo ili pambali. Anali atakumba kale kadzenje. Anatapa dothi n'kulifinya. Linagwirana ngati makande, koma atalikhudza ndi chala linayoyoka. Linali lakuda, lofewa, lodzaza ndi nyongolotsi zonenepa. Anakumbabe mpaka mkono wonse unalowa, koma mwala sanaupeze.

"Ili ndi dothi lanji?" anandifunsa.

Ndinati sindikudziwa, ine ntchito yanga ndi ya kuchipatala.

"Nanga umadzalapo chiyani?"

Ndinawauza zoona, kuti ndi kapinga yemweyo. Timamuthira feteleza, timamuthirira, akakula timamutchetcha ndi makina n'kukataya. Aliyense mumsewu wathu amachita chimodzimodzi.

Bambo anabwezera dothi m'dzenjemo ndi manja, pang'onopang'ono, n'kuvundikirapo kapinga uja monga anamupezera. Anadzuka, nasasa m'maondo.

"Izi amayi ako sindikawauza," anatero.