A Mchira, Amene Ankapalasa Pambuyo pa Ana

Ambiri a ife mumpingo muno tinkangowadziwa kuti a Mchira, moti ena anadabwa pa tsiku la maliro kumva kuti analinso ndi dzina la ubatizo. Ankakhala pa benchi yomaliza pafupi ndi chitseko, chisoti cha njinga chili pamiyendo, mwendo umodzi wa buluku ataumanga ndi kachingwe kuti usakodwe mu tcheni. Sanaimbepo kwaya, sanakhalepo pa udindo uliwonse. Tsiku limene anapemphedwa kuwerenga mawu kutsogolo, anakakamira pa mzere woyamba mpaka wansembe anawamvera chisoni. Tisabise, a Mchira anali munthu wamantha. Ndipo mantha awo aakulu anali akuti tsiku lina adzagogoda pakhomo pa munthu, kukanena kuti mwana amene anamutenga m'mawa sabweranso.

Anabadwira m'nyumba ya zipinda ziwiri, m'munsi mwa msewu wa mtsetse. Bambo awo anali mlonda wa pasitolo, mayi awo ankachapa zovala za anthu, ndipo njinga inali imodzi pabanja ponse. Amene ankaipalasa anali achimwene awo aakulu, iwo atakhala pa kaliyala. Tsiku lina m'mawa achimwenewo anawatsitsa pamwamba pa mtsetse nati, "Ima pano, uone mmene amuna amatsikira." Mwanayo anaima. Anaona galimoto ikutulukira kumbuyo kwa achimwene ake, anafuna kukuwa, koma mawu sanatuluke. Achimwenewo anakhotera m'kati mwa msewu osadziwa kuti kumbuyo kukubwera chinthu, ndipo pamene anagwerapo sanadzukenso.

Kuyambira pamenepo sanafunenso kukhudza njinga. Ankadzidzimuka akamva hutala, ndipo kusukulu ankadutsa njira yozungulira pothawa msewu uja. Mayi awo analibe mankhwala ena koma kuwagwira dzanja m'mamawa uliwonse kupita nawo ku Misa. Chizolowezi chimenecho a Mchira sanachisiye mpaka miyendo itakana. Atakalamba ankakonda kunena kuti, "Ndinapempha Mulungu kuti andichotsere mantha. Sanandichotsere, anangowapezera ntchito."

Atakula analembedwa ntchito pa fakitale yocheka matabwa, pa makina amene amalira tsiku lonse mpaka munthu kumamva mluzu m'mutu akaweruka. Ankapita wapansi, kubwera wapansi. Anakwatira telala wa pamsika, mayi wa pakamwa pakuthwa koma mtima wabwino, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi wamkazi. Mwanayo sanatengere bambo ake ngakhale pang'ono. Ankakwera mitengo, ankalumpha mipanda, ndipo atasinkhuka anabwera kunyumba maso ali gwa, kudzanena kuti akufuna kulowa kalabu ya opalasa njinga imene inkakumana Loweruka lililonse kuseri kwa holo ya tchalitchi.

"Ndili moyo ine, ayi," anatero bambo ake.

Mayi a kunyumba anasiya kuponda makina awo osokera. "Bambo, mwanayu mukamukaniza azikakwera za anzake mobisa, zija zopanda mabuleki, zoimitsa ndi chidendene. Ngati mukuopa, pitani naye."

"Ine ndipalase njinga? Ndi ndevu zangazi?"

"Ndevu sizikodwa mu tcheni."

Ndi mmene bambo wa mwana wamkulu anaphunzirira njinga pabwalo la kuseri kwa nyumba, akugwera m'maluwa a aneba, ana a m'deramo akufa nako kuseka. Loweruka loyamba anapita ndi mwana wawo, ndipo anakhala pambuyo pa onse kuti azimuona. Loweruka lachiwiri chimodzimodzi. Pasanathe mwezi ana anali atawapatsa dzina loti a Mchira, ndipo dzinalo linawakanirira.

Amene sanapalasepo m'gulu ayenera kumva mmene zimakhalira. Ana amayenda mondondozana, tayala pafupi ndi tayala la mnzake. Mwana saloledwa kucheuka, chifukwa mutu ukatembenuka manja amatsatira, njinga n'kukhota, anzake onse n'kumugwera. Wotsogolera ndiye amaonera gulu lonse, akaona dzenje amakuwa kuti "Dzenje!" ndipo onse amalilambalala. Wa pambuyo ndiye amamvera gulu lonse. Akamva injini kumbuyo amakuwa kuti "Galimoto!" mawuwo n'kumapatsirana mpaka kutsogolo, onse n'kukanirira m'mbali. Wa pambuyo akakhala chete, ndiye kuti msewu ndi wawo. A Mchira ankaimva galimoto ikadali kuseri kwa chitunda, ndipo munthu amene ankalephera kuwerenga ndime imodzi m'tchalitchi ankakuwa pamsewu mpaka agalu a m'mipanda kuyankha.

Mphunzitsi wakale wa kalabuyo atasamuka, makolo anayang'anana, kenako onse anayang'ana a Mchira. Anakana, anakananso, mapeto ake anavomera poopa kuti ntchitoyo ingagwere munthu wosasamala. Panalibe malipiro. Mwana aliyense watsopano ankamugwira paphewa n'kumuuza kuti, "Iwe yang'ana kutsogolo basi. Zakumbuyo ndisiyire ine." Asananyamuke ankafinya mabuleki a njinga iliyonse ndi manja awo, kugwedeza chishalo, kukoka lamba wa chisoti pansi pa chibwano, kenako kuvula chisoti chawo n'kupemphera mwachidule. Ana a mipingo ina ndi a zipembedzo zina ankangoweramitsa mitu nawo, palibe kholo limene linadandaulapo.

Kunyumba nako njinga zinalanda malo. Matayala ankalendewera pakhonde, machubu pa chingwe choyanikira zovala, ndipo beseni losambira linasanduka lofufuzira pamene chubu chaboola. Mayi a kunyumba anapezapo girisi pa diresi laukwati la kasitomala, ndipo zimene ananena tsiku limenelo sitingazilembe m'kalata ya mpingo. Komabe ndi iwo omwewo amene ankasoka malaya owala a ana onse kuti madalaivala aziwaonera patali. Lachisanu lililonse amuna awo chakudya sichinkatsika. Ankangochitembenuza m'mbale, akuona m'maganizo gulaye aliyense wa msewu wa mawa. Mwana wawo atapambana mpikisano waukulu, iwo sanaone. Anali kumbuyo kutali, akukankha njinga limodzi ndi kamtsikana kamene kanatopa n'kuyamba kulira.

Zaka zinapita chomwecho. Ana amene anawaphunzitsa anakula, anakwatira, anabweretsa ana awo. Mwana wawo uja anakhala wotsogolera gulu, ndipo nayenso anabweretsa wake, kamtsikana koonda kamene anzake ankakatcha Kasipoko. Pa zaka zonsezo panali mawondo osupuka ndi dzino limodzi loguluka, koma a Mchira anali asanagogodepo pakhomo pa munthu ndi uthenga umene ankauopa uja.

Amene anayamba kuzindikira vuto anali mayi a kunyumba. Wailesi inayamba kukwezedwa mpaka aneba kumvera nawo nkhani. Ketulo inkalira pambali pawo iwo ali phee. Lamulungu lina belu la paguwa linalira, mpingo wonse unagwada, iwo anatsala chiimire mpaka ataona anzawo. Pobwerera mayi anawafunsa.

"Bambo, belu lija munalimva?"

"Belu limene lija latha mphamvu."

"Belu lili bwinobwino. Atha ndi makutu anu, makina aja anawadya. Ndiye ana a eni ake aja akudalira makutu amenewo?"

Mantha anawagwira a Mchira mbali ziwiri. Akakhala pambuyo paja, tsiku lina sadzamva. Akachokapo, adzakhalapo ndani? Anyamata a m'kalabu anali amphamvu ndi okoma mtima, koma ankacheza ali panjinga, ankaseka, sankaopa msewu mokwanira. Choncho anamangirira kagalasi pa chiwongolero, nayamba kumacheuka pafupipafupi mpaka khosi kuuma, ndipo mwana wawo sanamuuze kanthu. Apa munthu wabwinoyu analakwa, ndipo iwo eni sakanafuna kuti tiwabisire.

Linali Loweruka la mphepo, pa msewu wautali wodutsa kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu. Dzuwa linali kumbuyo kwawo ndipo linkathwanima m'kagalasi kaja. Kasipoko anali patsogolo penipeni pa agogo ake. Kutsogolo mayi ake anakuwa kuti "Dzenje!" Popeza kumbuyo kunali zii, ana anachita zimene anaphunzitsidwa, anakhotera m'kati mwa msewu mmodzimmodzi kuti alilambalale.

A Mchira sanamve kanthu. Anangomva chiwongolero chikunjenjemera m'manja, kenako chithunzithunzi chachikulu chinawaphimba, ndi fungo la dizilo lotentha. Linali lole lalitali. Anakuwa, koma mphuno ya lolelo inali itawadutsa kale. Anaona malaya owala a Kasipoko akupendekeka, anaona njinga yake ikugwa, anaona tayala lakumbuyo la njingayo likulowa pansi pa matayala a ngolo n'kutuluka litapindika ngati chivundikiro cha chitini. Kenako kunali fumbi lokhalokha.

Anatsika osadziwa kuti atsika bwanji. Anayenda m'fumbimo akutchula dzina la Yesu, akudziwa kuti khomo limene adzagogode ndi la mwana wawo yemwe. Ndiye anaona chisoti chikutukuka mu ngalande ya m'mbali mwa msewu. Kasipoko anakhala tsonga, chigongono chikutuluka magazi, milomo ili mbuu. Sanalire. Anayang'ana agogo ake modabwa, ndipo iwo anawerenga mawuwo pamilomo pake.

"Agogo, simunakuwe."

Madzulo a tsiku lomwelo a Mchira anaitanitsa makolo onse kuseri kwa holo. Anaima chisoti chili m'manja. "Makutu anga anatha," anatero. "Ndinadziwa, koma ndinakubisirani. Ndinkayesa kuti palibe wina angasamale ana anu ngati ine, ndipo kudzikuza kumeneko kukanapha mwana lero. Mundikhululukire." Panalibe amene anawanyoza, ngakhale mayi wina anatenga ana ake osabwera nawonso, ndipo a Mchira ankati mayiyo sanalakwe.

Kenako anatembenukira kwa mwana wawo. "Kuyambira Loweruka likubwerali, pambuyo pazikhala iwe."

"Ababa, ine ndinazolowera kutsogolo. Ikanipo wina."

"Tambasula manja ako."

Anatambasula. Ankanjenjemerabe, ngakhale panali patapita maola.

"Dzulo sukanatha," anatero bambo ake. "Lero ukuopa. Malo aja amafuna munthu wotero."

Amene ankawadziwa bwino amati zaka zotsatirazo ndi zimene zinali mtanda wawo weniweni. Loweruka lililonse ankabwerabe kudzafinya mabuleki ndi kukoka malamba a zisoti. Ana akanyamuka, iwo ankatsala. Ankawayang'ana mpaka msana wa mwana wawo utazimirira pa gulaye, kenako ankalowa m'tchalitchi mopanda anthu n'kugwada ndi korona, akuyenda nawo m'maganizo msewu wonse, chitunda ndi chitunda. Sakanatha kuwaona, sakanatha kuwamva, sakanatha kukuwa. Osesa m'tchalitchi ankawapeza thukuta lili kamukamu ngati apalasa nawo. Wansembe atawafunsa ngati kukhala kunyumba sikukanawapepukira, anati, "Bambo mfumu, kale ndinkayesa kuti ndikuwasunga ndine. Pano ndikuphunzira kuwasiya m'manja mwa mwini wake, koma mutu wanga ndi wouma."

Mtima unayamba kuwavuta chaka chathachi, ndipo mwezi watha anagona pabedi osathanso kudzuka. Lachisanu wansembe anabwera kudzawadzoza ndi kuwapatsa Ukaristia. M'mawa wa Loweruka aliyense ankaona kuti nthawi yayandikira. Mwana wawo anakhala pamphepete pa bedi atavala zapakhomo. Bambo ake anamuyang'ana, anayang'ana kuwala kwa pazenera, nazindikira tsiku.

"Ana apita ndi ndani?"

Iye anapukusa mutu, kusonyeza kuti sachoka.

"Akapita okha, pambuyo palibe munthu. Ukawaletsa, ena apitabe mobisa. Pita."

Anapita akulira. M'mawa wonsewo a Mchira sanatseke maso. Ankangoyang'ana pachitseko basi, mpweya ukuvuta, zala zikufufuza mikanda ya korona, ndipo nthawi ndi nthawi thupi linkadzidzimuka ngati pali chinthu chikuwadutsa. Mayi a kunyumba ankawapukuta pamphumi, akuopa kuti amuna awo apita ali ndi nkhope ya mantha imeneyo, mwana asanabwere.

Dzuwa lili pamutu chitseko chinatseguka. Analowa mwana wawo, fumbi lili m'masaya, chisoti asanavule, Kasipoko ali pambuyo pake. Anawerama pafupi kuti bambo ake aone milomo yake, nalankhula pang'onopang'ono.

"Onse afika, ababa. Ndawaperekeza mpaka pamakomo pawo."

A Mchira anatulutsa mpweya wautali. Mapewa anatsika, zala zinamasuka, ndipo pasanapite nthawi anapuma komaliza, mwakachetechete, banja lawo likupemphera.

Sanatisiyire nyumba yaikulu kapena chikho cha mpikisano. Anatisiyira amuna ndi akazi ambiri m'tauni muno amene ali moyo, ena a iwo osadziwa n'komwe tsiku limene anapulumuka. Anationetsa kuti munthu wamantha angathe kutumikira Mulungu ndi mantha akewo, ndiponso kuti ikafika nthawi yosiyira ena, asiye ngakhale mtima ukukana. Ambuye amene anamukhulupirira akunjenjemera awalandire mu mpumulo wake.

Titafika kudzapepesa, mayi a kunyumba anatilowetsa kuchipinda kuti tiwaone. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana nkhope ya amuna awo, kenako anati, "Ndakhala nawo kuyambira ndili mtsikana, koma nkhope iyi sindinaionepo. Taonani, sakuopa."