Ming'oma ya Agogo Kumanda

Ndikakumbukira agogo aamuna, a Lufeyo, ndimamva fungo la phula ndi utsi wa zitsononkho, lomwe silinkachoka m'jekete lawo ngakhale agogo aakazi alichape kawiri. Anali ndi ming'oma ya njuchi isanu ndi inayi, yamakungwa, yopachikidwa m'mitengo ya mombo m'nkhalango ya kuseri kwa mudzi wathu, kufupi ndi Mphunzi. Ankafula uchi m'nyengo yozizira, m'mamawa nkhungu isanachoke, n'kutigawira adzukulufe chisa chimodzi. Uchi wotsalawo unkapita kumsika wa ku Chimbiya.

Ndili sitandade 4, nkhalangoyo inaperekedwa kwa kampani yolima mbatatesi ndi chimanga chambewu. Amudzife sanatifunse. Tinangoona zikhomo zofiira, kenako makatapila.

Agogo sanakangane ndi munthu. Anapita kwa akuluakulu oyang'anira manda kukapempha chimene palibe anapemphapo: kusamutsira ming'oma yawo m'mitengo ya kumanda. Kwathu mtengo wa kumanda sudulidwa, ngakhale nkhuni yogwa yokha sitoledwa. Akuluakuluwo anazengereza masiku awiri, n'kuvomera. Agogo anatseka mng'oma uliwonse ndi udzu, n'kuisenza umodziumodzi pamodzi ndi amalume. Agogo aakazi analumbira kuti uchi wakumanda sadzaulawa.

"Musaulawe, koma udzakhalapo," anatero agogo aamuna.

Za mitengoyo sanalakwitse. Makatapila anagwetsa mombo ndi misuku yonse, n'kusiya manda okha pakati pa munda, mkati mwa waya waminga. Koma njuchi zitasowa maluwa a m'tchire zinayamba kupita ku ngayaye za chimanga cha esiteti ya kampaniyo, chomwe ankachipopera mankhwala sabata ndi sabata.

Lamulungu lina titaweruka ku Misa, agogo anapempha mlonda wa pageti kuti akaone ming'oma. Anabwerako chipewa chili m'manja, chodzaza njuchi zakufa. Anazikhuthula pakhonde pang'onopang'ono, n'kukhala pansi.

"Ndinaganiza za mitengo, Nabanda. Za maluwa sindinaganize," anatero kwa agogo aakazi.

Agogo aakazi anazisesa okha njuchizo, n'kukazikwirira kuseri kwa khola kuti nkhuku zisadye.

Agogo aamuna sanapachikenso mng'oma. Atamwalira, maliro awo anaima pageti mpaka mlonda atabwera ndi kiyi.

Lero ndikapita kukalemba nkhani za maesiteti, abwana amandilozera timitengo totsala pakati pa munda, amati manda anawalemekeza. Sindilemba msanga. Ndimayamba ndaima pansi pake n'kumvetsera ngati m'mwambamo muli chilichonse chikulira.