Nambala Imene Inandipatsa Dzina la Chotsala

Ndinadandaula koyamba za nkhaniyi ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, nyengo yopalira mtedza, kwa ahedi a sukulu yathu ya kumapiri kuseri kwa Mtengowanthenga. Sanandiyankhe. Pano ndili ndi imvi, yankho silinabwerebe.

Masiku amenewo ana asukulu tinkalimira aphunzitsi Loweruka. Bambo anga anakana. Anati khasu langa lili ndi munda wake. Lolemba lotsatira, aphunzitsi a masamu analemba 8191 pabolodi, nandiloza ndi choko.

"Iwe wosalima, tipezere nambala yogawa iyi popanda chotsala. Usanditchulire 1 kapena iyo yomwe. Ukaipeza, ubwerere pabenchi."

Ndinakhala pansi pa mthethe ndi sileti, dzuwa likuwotcha pakhosi, nyerere zikukwera m'miyendo. Ndinayesa 2, kunatsala. Ndinayesa 3, 7, 11, kunatsalabe. Sileti itadzaza ndinapempha mapepala okulungira sopo kusitolo ya a Yusufu, ndipo mapepalawo ndikuwasungabe m'chikwama cha chikopa. Sabata yonse ndinagawa mpaka kupitirira 300. M'mawa uliwonse aphunzitsi ankasuzumira pawindo.

"Zikuyenda bwanji, a Chotsala?"

Kalasi inkaseka. Dzinalo linandimatirira. Ndinakwatira nalo, ndipo mpaka lero pamsika wa Malomo pali nkhalamba zondiitana choncho pamaso pa akamwini anga.

Chaka chatha mdzukulu wanga Tadala, amene akuphunzira masamu ku Lilongwe, anaona mapepala aja, n'kuifufuza nambalayo pafoni yake.

"Agogo, munavutikiranji? Iyi sigawika. Imalola 1 ndi iyo yokha basi. Mukanalekera pa 90, chifukwa 91 kuchulukitsa ndi 91 yaipitirira kale."

Ndinamuuza kuti foni yake sindiikhulupirira, agawe ndi dzanja ndikuona. Anagawa, ndipo zotsala zake zinafanana ndi zanga. Kenaka ananena chimene chandisowetsa mtendere. Akuti nambalayi si wamba. Ukachulukitsa ma 2 khumi ndi atatu n'kuchotsapo 1, umaipeza, ndipo ili m'gulu lodziwika kwa anthu a masamu kuyambira kalekale.

Tsono munthu angaitole mwangozi nambala yotere, Lolemba lotsatana ndi Loweruka limene sindinagwire khasu lake? Ine ndikukayika. Ndikuganiza kuti ankadziwa.

Chimene ndazindikira ndi ichi: kunena kuti "palibe" ndi yankhonso, bola uonetse ntchito yako. Ine ntchito ndinali nayo m'manja, koma palibe anandiuza kuti mwana amaloledwa kuyankha choncho kwa wamkulu.

Aphunzitsiwo anatisiya kale, ndipo sindilimbana ndi manda. Koma inu amene munali m'kalasimo, otsala ku Dowa ndi ku Ntchisi, ndikupempha mwaulemu kuti mundiyankhe molemba: kodi anakuuzanipo kuti nambalayo sigawika? Ngati anakuuzani, munkaseka chiyani? Ndipo poyankhapo, mulembe dzina limene anandipatsa bambo anga.